Funsani za Makompyuta: Kodi ndingasiye kuunika chiphaso cha seva ngati uthenga ukuyenda wobisika?

FUNSO

Zikomo a Mkonzi. Ndine mnyamata wolemba mapulogalamu a pa foni ndipo ndimakhala ku Linga kuno ku Nkhotakota. Chaka chatha gulu lina la alimi a mpunga linandipatsa ntchito yolemba pulogalamu ya Android imene alembi awo amagwiritsa ntchito m'malo ogulira mpunga, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa. Mlimi akaika matumba pa sikelo, mlembi amalowetsa dzina lake, nambala ya chiphaso chaumzika, makilogalamu, ndalama zoti alandire ndi nambala ya foni yolandirira ndalamazo, ndipo zonsezi zimapita ku seva, kompyuta yolandira ndi kusunga uthengawu, imene ili mu ofesi ya gululo pa boma. Chiphaso cha sevayo, fayilo imene seva imaonetsa foni potsimikiza kuti ndi yeniyeni, ndinadzipangira ndekha ndi pulogalamu yotchedwa OpenSSL. Nditayesa koyamba, pulogalamu inakana kulumikizana n'kulemba kuti "Trust anchor for certification path not found". Mnzanga wina anandilangiza kuti ndilembe X509TrustManager yanga, mbali ya pulogalamu younika chiphaso, n'kusiya checkServerTrusted yake yopanda kanthu, komanso kuti HostnameVerifier, mbali younika dzina la seva, izingovomera dzina lililonse. Ndinatero, ndipo chiyambire zonse zikuyenda. Adiresi ikuyambabe ndi https, ndipo nditayang'ana ndi Wireshark, pulogalamu yoonera uthenga wodutsa pa netiweki, ndaona kuti uthenga suwerengeka m'njira. Ngati uthenga ndi wobisika kale, vuto lili pati? Ngati liripo, ndisinthe bwanji kaunikidwe ka chiphaso kuti pulogalamu izikhulupirira seva yathu?

Wolemba mapulogalamu, Linga, Nkhotakota

YANKHO

Achimwene, zikomo chifukwa cholemba mosabisa zimene munachita, pakuti ambiri amene anachitapo zomwezo sazitchula n'komwe. Vuto liripo ndithu, ndipo ndikupemphani kuti mulikonze msika wa mpunga usanayambenso.

TLS, ndondomeko yoteteza uthenga pa intaneti, amene ndi maziko a https ndipo analowa m'malo mwa SSL m'chaka cha 1999, amagwira ntchito ziwiri zimene anthu amaziona ngati imodzi. Amabisa uthenga kuti woima pambali asauwerenge, komanso amatsimikizira foni kuti amene ikulankhula naye ndi seva yeniyeniyo. Kubisako kumachitika ndi kiyi amene foni imagwirizana ndi aliyense amene wayankha mbali inayo. Choncho foni ikapanda kufunsa kuti wayankhayo ndani, imanong'oneza chinsinsi mosamala kwambiri m'khutu la munthu amene sinamuone nkhope. Wireshark sanakunamizeni, koma iye ndi woima pambali chabe. Amene tikumuopa ndi wobisalira pakati pa njira, amene akatswiri amamutcha man-in-the-middle. Iyeyu amayankha foni ngati kuti ndi seva, n'kulumikizanso ku seva yeniyeni ngati kuti ndi foni, ndipo uthenga wonse umadutsa m'manja mwake uli poyera.

Musaganize kuti zoterezi zimafuna zida zodula. Taganizani mlembi ali pa sikelo ku Benga, bandulo yamuthera dzuwa lili pamutu, alimi ali pamzere ndi matumba awo, ndipo wina pa golosale yapafupi akumuuza kuti alumikize pa Wi-Fi yake. Mwini Wi-Fi ameneyo, ali ndi laputopu ndi pulogalamu yaulere yotchedwa mitmproxy, angathe kuwerenga mayina ndi manambala a ziphaso, ndipo choopsa koposa n'chakuti angathe kusintha nambala ya foni yolandirira ndalama uthenga usanafike ku ofesi. Seva idzalandira uthengawo ngati wabwinobwino, ndalama za mlimi zidzapita kwina, ndipo woyamba kuganiziridwa adzakhala mlembi wosalakwa. Pulogalamu yanu pakali pano ili ngati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuti timvane bwino za kuunika chiphaso, yang'anani zimene mlembi wanu yemweyo amachita mlimi akamupatsa chiphaso chaumzika. Amaona ngati chiphasocho chinachokeradi ku National Registration Bureau, osati chosindikizidwa paseri. Amaona ngati dzina lili pa chiphasocho ndi lomwe lili m'kaundula wa gulu. Amayang'ana tsiku limene chiphasocho chidzathe mphamvu, kenako amakweza maso kuona ngati nkhope ya pa chithunzi ndi ya munthu waima patsogolo pakeyo. Foni nayo imatero. Imatsatira masiginecha kuchokera pa chiphaso cha seva, kudutsa ziphaso za pakati, mpaka kukafika pa chiphaso cha patsinde cha bungwe losainira ziphaso, lotchedwa CA, limene foniyo imalidziwa kale. Imayerekeza dzina limene mwalemba mu adiresi ndi mayina olembedwa m'chiphaso pa malo otchedwa Subject Alternative Name. Imaona ngati tsiku la lero lili pakati pa tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Nkhope ya pa chithunzi ija ndi kiyi wachinsinsi: seva imasainira mbali ya kukambirana koyamba ndi kiyi ameneyu posonyeza kuti chiphasocho ndi chakedi, osati chotola.

Uthenga umene munauona uja unkanena chinthu chimodzi chokha, chakuti foni yatsatira masiginecha koma sinafike pa tsinde lililonse limene ikulidziwa. Foni sinalakwe, chifukwa chiphaso munadzisainira nokha ndipo panalibe amene anaiuza kuti ikukhulupirireni. Mankhwala ake anali kuiphunzitsa tsinde lanu. M'malo mwake munachotsa mafunso atatu oyamba aja, a masiginecha, dzina ndi masiku, ndipo lachinayi, la kiyi wachinsinsi, palokha silithandiza, chifukwa wakuba nayenso ali ndi kiyi wachinsinsi wa chiphaso chake chabodza.

Kulakwitsa kumeneku n'kwakale ndipo sikuli kwa ongoyamba okha. Mu 2012 akatswiri a ku Stanford ndi a ku University of Texas at Austin anafufuza mapulogalamu ambiri amene si mabrawuza, kuphatikizapo okhudza malipiro a ndalama, n'kupeza kuti ambiri sankaunika ziphaso moyenera. Ena ankangolakwitsa kanambala kamodzi mu libcurl, laibulale (pulogalamu yolembedwa kale imene olemba mapulogalamu amaiika m'kati mwa awo) yolumikizira ku seva, kuika CURLOPT_SSL_VERIFYHOST pa 1 pamene panafunika 2. Mu February 2014 kampani ya Apple inakonza cholakwika chimene chinatchuka ndi dzina lakuti goto fail, pamene mzere umodzi wolembedwa kawiri unkachititsa kuti siginecha ya seva isaunikidwe. Ndipo kuyambira mu 2016, Google Play inayamba kukana mapulogalamu okhala ndi X509TrustManager wa mtundu womwe mwalembawo. Ine ndikaona zimenezi, maganizo anga amakhala akuti munthu asamalembe yekha ndondomeko younika chiphaso pokhapokha njira zina zonse zitakanika. Kwa inu sizinakanike.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi yopezera seva yanu dzina la pa intaneti, la .mw kapena lina lililonse, n'kutenga chiphaso ku Let's Encrypt, bungwe limene lakhala likupereka ziphaso kwaulere kuyambira 2015. Ziphaso zake za nthawi zonse zakhala zikugwira ntchito masiku 90, ndipo pulogalamu yonga certbot imazitenganso yokha nthawi isanathe. Mukatero mumafufuta X509TrustManager ndi HostnameVerifier zanu zija osalemba china m'malo mwake. Chenjezo ndi limodzi, ndipo kwathu kuno ndi lofunika: mafoni a Android akale kuposa 7.1.1 sadziwa tsinde la Let's Encrypt lotchedwa ISRG Root X1, ndipo mafoni otere akadali m'matumba mwa anthu. Funsani alembi onse akuuzeni Android imene ili m'mafoni mwawo musanasankhe. Ngati alipo okhala ndi akale, chiphaso cha tsindecho mungachiike m'kati mwa pulogalamu yanu.

Njira yachiwiri, imene ndikuona kuti ikuyenera gulu longa lanu, pamene pulogalamu ndi yanu, seva ndi yanu, ndipo ogwiritsa ntchito ndi anthu owerengeka, ndi yokhala ndi CA wanuwanu. Apa mumapanga ziphaso ziwiri. Choyamba ndi cha patsinde, chokhala zaka zambiri, chimene ntchito yake ndi kusainira ziphaso zina basi. Chachiwiri ndi cha seva, cha nthawi yochepa monga chaka chimodzi, chosainidwa ndi cha patsinde chija. Pa chiphaso cha seva onetsetsani kuti dzina lalembedwa mu Subject Alternative Name, chifukwa kuyambira pa Android 9 foni siyang'ananso dzina la mu Common Name, ndipo ngati mumalumikiza ndi nambala ya IP, nambalayo iyenera kulembedwa ngati IP, osati ngati dzina wamba. Chiphaso cha patsinde, chopanda kiyi wake wachinsinsi, mumachiika mu foda ya res/raw ya pulogalamu, kenako mumalemba fayilo ya network_security_config.xml, momwe mumatchula dzina la seva yanu mu domain-config ndi chiphaso chija mu trust-anchors. Njira imeneyi inabwera ndi Android 7.0 mu 2016, ndipo ubwino wake ndi wakuti simulemba mzere uliwonse wounika chiphaso. Android imachitabe kuunika konse, masiginecha, dzina ndi masiku, kungoti tsopano tsinde limene ikufunafuna pa seva imeneyi ndi lanu lokha. Pa mafoni akale kuposa 7.0 mumachita zomwezo mwa kuika chiphasocho mu KeyStore n'kuipereka kwa TrustManagerFactory, imene imakupatsani TrustManager wounika bwinobwino.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangoika m'pulogalamu chiphaso chodzisainira chimene muli nacho kale. N'zotheka, koma tsiku limene chiphasocho chidzathe, kapena seva idzabedwe, mudzayenera kusintha pulogalamu pa foni iliyonse kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa, mwina mpunga uli pachimake. Mukakhala ndi tsinde lapadera, mumangosainira chiphaso china cha seva, mafoni osawakhudza. Komabe walira mvula walira matope: amene ali ndi kiyi wachinsinsi wa tsinde angathe kudzipangira chiphaso chimene mafoni onse a gulu adzachilandira. Kiyi ameneyo asakhale pa seva, asakhale pa laputopu imene mumayenda nayo pa minibasi, ndipo asalowe mu Git, mosungira mafayilo a pulogalamu yanu. Muikeni pa fulashi ziwiri zotsekedwa ndi pasiwedi, zisungidwe malo awiri osiyana, ndipo akomiti a gulu adziwe kumene zili, chifukwa gululo lidzafunabe kiyiyo ngakhale inu mutapeza ntchito ku Lilongwe.

Owerenga amene salembera Android adziwe kuti khomo lomweli lilipo kwina konse. Mu requests ya Python, m'malo molemba verify=False mumapatsa verify njira yopita ku fayilo ya chiphaso cha patsinde. Mu Go mumadzaza RootCAs n'kusiya InsecureSkipVerify osaikhudza. Pa curl pali --cacert m'malo mwa -k. Ogwiritsa ntchito OpenSSL mwachindunji asamale kwambiri, chifukwa payokha siimitsa kulumikizana chiphaso chikalephera mpaka mutaiuza SSL_VERIFY_PEER, ndipo ngakhale mutaiuza, dzina la seva siliunikidwa mpaka mutalipereka ndi SSL_set1_host. Munthu akaiwala dzinalo pamene akukhulupirira matsinde onse a pa kompyuta, chiphaso chenicheni cha webusaiti ina iliyonse, ngakhale ya wakubayo, chimalandiridwa.

Tsopano tifike pa kusintha kwenikweni kwa kaunikidwe, kumene munafunsa. Malaibulale ambiri amapereka mpata, wotchedwa callback, woti muikemo chigamulo chanu pa chiphaso cha mnzanu wa mbali inayo. Lamulo limene ine ndimatsatira ndi lakuti chigamulo changa chibwere pambuyo pa kuunika kwa nthawi zonse, ndipo chikhale ndi mphamvu yokana chimene laibulale yavomera, koma osati yovomera chimene laibulale yakana. Mu OpenSSL, callback ya SSL_CTX_set_verify imalandira nambala yotchedwa preverify_ok yonena ngati chiphaso chapambana, ndipo imaitanidwa pa chiphaso chilichonse cha mu unyolo, osati pa cha seva chokha. Mukabweza 1 pamene munalandira 0, mwalamula kuti kulumikizana kupitirire ngakhale chiphaso chalephera. Mu Go muli msampha wina: VerifyPeerCertificate siitanidwa pamene foni ndi seva zikungopitiriza kulumikizana kumene zinagwirizana kale, pamene VerifyConnection, imene inabwera ndi Go 1.15, imaitanidwa nthawi zonse.

Chimene anthu amawonjezera kawirikawiri mu mpata umenewu ndi pinning, kutanthauza kusunga m'pulogalamu chidindo cha SHA-256 cha kiyi wa poyera wa seva kapena wa CA, mnzake wa kiyi wachinsinsi amene amalembedwa m'chiphaso, monga momwe zidindo za zala zimatengedwera polembetsa chiphaso chaumzika. Phindu lake linaoneka mu 2011 pamene DigiNotar, CA wa ku Netherlands amene mabrawuza ankamukhulupirira, anathyoledwa, n'kutuluka chiphaso chabodza cha google.com chimene chinagwiritsidwa ntchito pozonda anthu a ku Iran. Chrome anachikana chifukwa ankadziwa kale makiyi oyenera a Google, ndipo DigiNotar anatsekedwa chaka chomwecho. Koma pinning ilinso ndi minga yake. Kiyi akasintha pamene pulogalamu ikudziwa chidindo chimodzi chokha, mafoni onse amatsekeredwa kunja nthawi imodzi, ndipo kuopsa kotereku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Chrome anachotsera HPKP, pinning ya mawebusaiti, mu 2019. Mukafuna kuigwiritsa ntchito, ikani zidindo ziwiri, china cha kiyi wosungira amene sanayambe kugwira ntchito, ndipo tengani chidindo cha kiyi osati cha chiphaso chonse, kuti chiphaso chikapangidwanso ndi kiyi yemweyo zonse zizipitirira. Kwa inu amene mudzakhala ndi tsinde limodzi lanulanu, ndikuona kuti pinning siwonjezera zambiri, chifukwa mwachepetsa kale okhulupiriridwa kufika pa mmodzi.

Kuunika kungathenso kuyang'ana mbali zonse ziwiri. Ndi CA wanu yemweyo mungasainire chiphaso cha foni ya mlembi aliyense, kiyi wake n'kukhala mu Android Keystore, ndipo seva, mwachitsanzo nginx yokhala ndi ssl_verify_client, izikana foni iliyonse yopanda chiphaso. Foni ikatayika mumathetsa chiphaso chake chokha. Izi mudzachite pambuyo, mukakonza choyambacho.

Musakhulupirire kukonza kwanu musanaone pulogalamu ikukana. Ndinaonapo mu ofesi ina ku Salima mnyamata amene anali wotsimikiza kuti wakonza zonse. Tinayatsa Wi-Fi pa laputopu, tinatsegula mitmproxy, iye analumikiza foni n'kulemba dzina loyesera ndi ndalama zokwana K45,000, ndipo asanachotse chala pa batani dzinalo ndi ndalamazo zinali zitaoneka pa laputopu, zilembo zoyera pa sikirini yakuda. Anakhala chete kanthawi, kenako anapeza kuti mbali ina ya pulogalamu yake inkagwiritsabe ntchito TrustManager wakale wosaunika chiphaso. Yesani chimodzimodzi pa mbali iliyonse ya pulogalamu imene imalumikiza ku seva. Yesaninso ndi chiphaso chotha nthawi, chiphaso cha dzina lina, ndi chiphaso chosainidwa ndi tsinde lachilendo, ndipo konseko pulogalamu ikane n'kuuza mlembi m'Chichewa chomveka kuti asapitirire. Webusaiti ya badssl.com ili ndi ziphaso zolakwika mwadala za mitundu imeneyi zoyesera.

Chomaliza kwa inu n'chovutirapo kunena. Kwa nyengo yonse imene pulogalamu yayenda chonchi, simungatsimikize kuti palibe anawerenga uthenga. Uzani akomiti a gulu poyera, sinthani mapasiwedi onse a alembi mukatulutsa pulogalamu yokonzedwa, ndipo yerekezani manambala a foni amene ali pa seva ndi amene ali m'mabuku a pamanja. Kuyambira 2024 dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act loteteza mbiri za anthu, ndipo manambala a ziphaso za alimi amenewa ndi mbiri zotero.

FUNSO

A Mkonzi, ndimayang'anira chipinda choziziritsira nsomba ku Senga Bay. Tili ndi kakompyuta ka Raspberry Pi 3 kamene kamayeza kuzizira n'kutumiza ku seva kudzera pa https. Magetsi akathima nthawi yaitali n'kuyakanso, nthawi zina kamakana kutumiza, kakulemba kuti "certificate is not yet valid". Amene anatilembera pulogalamu akuti angathe kuchotsa kuunika masiku kokha, zina zonse n'kuzisiya. Kodi ndivomere?

Mayi wa ku Senga Bay, Salima

YANKHO

Mayi, musavomere, chifukwa chiphaso chilibe vuto, chimene chasokonekera ndi wotchi ya kakompyutako. Raspberry Pi 3 ilibe wotchi ya batire yoyendabe magetsi akathima. Ikayaka imayambira pa nthawi yomaliza imene inasunga, ndipo nthawi zina imabwerera kutali kwambiri, mpaka ku 1970, kufikira itapeza nthawi yolondola pa intaneti kudzera pa NTP, njira imene makompyuta amakonzera mawotchi awo. Ngati chiphaso cha seva chinapangidwanso pamene kakompyutako kanali kozima, kapena wotchi yabwerera m'mbuyo kwambiri, kamaona ngati chiphasocho ndi cha m'tsogolo, ndiye kamakana monga mmene kayenera kuchitira.

Wolemba pulogalamuyo sananame kuti n'zotheka, pakuti OpenSSL ili ndi X509_V_FLAG_NO_CHECK_TIME yochitira zimenezo. Koma tsiku lothera ndi limene limaika malire pa chiphaso chimene kiyi wake anabedwa. Mukalichotsa, chiphaso chilichonse chakale cha seva yanu chidzalandiridwa mpaka kalekale, ngakhale kiyi wake atapezeka pa hadi disiki yotayidwa. Pa chipinda cha nsomba, munthu wonamizira seva angachititse kuti chenjezo la kutentha lisakufikeni, chambo ndi usipa n'kuwonongeka usiku umodzi. Dziwaninso kuti moyo wa ziphaso ukufupikira: kuyambira September 2020 ziphaso za mawebusaiti sizinkaloledwa kupitirira masiku 398, ndipo mu 2025 bungwe la CA/Browser Forum, la osainira ziphaso ndi opanga mabrawuza, linagwirizana zochepetsa pang'onopang'ono mpaka masiku 47 pofika 2029. Wotchi yolakwika izidzagundana ndi ziphaso zatsopano kawirikawiri kuposa lero.

Auzeni agule kachipangizo ka wotchi kotchedwa DS3231, kamene kali ndi kabatire kake kozungulira ndipo kamalumikizidwa pa mapini a Raspberry Pi. Akonzenso pulogalamuyo kuti izidikira mpaka nthawi itagwirizana ndi NTP isanayambe kutumiza, ndipo ikalephera izisunga zoyezazo pa kadi n'kuyesanso pakapita mphindi zingapo. Akamaliza, muzimitse kakompyutako masiku awiri, muzule rauta kuti kasapeze intaneti, kenako mukayatse n'kulemba lamulo la date kuti muone ngati tsiku ndi ola zikugwirizana ndi za pa foni yanu.